Lamulo Loyamba la Wobira M'nyanja

Mnyamata wokulira ku Manjawira, m'boma la Ntcheu, amadziŵa kuti pobira m'dziŵe munthu amakoka mpweya nausunga m'chifuwa. Koma akadzera ku Balaka, Liwonde ndi Mangochi nakafika ku Cape Maclear kukaphunzira kubira ndi botolo la mpweya kumsana, luso lomweli likhoza kumupha.

Chifukwa chake nchakuti madzi amalemera. Pa kuya kwa mamita 10, mphamvu yopanikiza thupi imaŵirikiza pafupifupi kaŵiri poyerekeza ndi pamwamba. Mpweya umene munthu wakoka pansipo umafufuma pamene iye akukwera, ndipo akautsekera m'chifuwa mapapo amang'ambika. Motero aphunzitsi amaumirira kuti wophunzira azipuma kosalekeza, azikwera pang'onopang'ono, ndiponso asaloŵe m'madzi popanda mnzake. Wongolandira kumene satifiketi yoyamba saloledwa kupitirira mamita 18.

Chida chopumirachi anachipanga Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan ku France m'chaka cha 1943. M'nyanja za mchere anthu amabira nacho kukaona zipupa za korali, miyala yomangidwa ndi tizilombo ta m'madzi. Nyanja ya Malaŵi ilibe korali, koma m'matanthwe a pa Otter Point ndi chilumba cha Thumbi mumakhala mbuna, tinsomba ta maŵangamaŵanga. Pofuna kutiteteza, boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaŵerengera malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi.

Wotsiriza sukulu amene akukhumba ntchito yoperekeza alendo pansi pa madzi ayenera kuyamba waiŵala chizoloŵezi cha kudziŵe.