Mwana Akafuna Malo Kusukulu Zogonera za Kunja

Ambiri a ife tikamva za sukulu yotenga ana anzeru okhaokha, maganizo amathamangira ku Mtunthama. Kamuzu Academy itatsegulidwa kumeneko mu 1981 inkasankha ana okhoza bwino m'boma lililonse, ndipo mwana wa mlimi ankapezeka akuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Komatu kunja kwa dziko lino kulinso sukulu zina zogonera konko zimene zimalandira achinyamata a zaka 16 kapena 17 kuchokera kuno, ku Zambia ndi kumaiko ena, kuwaphunzitsa zaka ziwiri, kenako n'kuwatsegulira njira ya ku yunivesite. Chimene chimandiwawa n'choti ana ambiri oyenera malo amenewa samva n'komwe kuti alipo. Ena amamva, koma amadziderera asanagwire fomu.

Sukulu zake ndi ziti?

Gulu lalikulu ndi la United World Colleges, mwachidule UWC. Linayamba mu 1962 pamene sukulu ya Atlantic College inatsegulidwa ku Wales, potsata maganizo a mphunzitsi wa ku Germany, Kurt Hahn. Iye ankakhulupirira kuti achinyamata a mitundu yosiyana akagona nyumba imodzi, kudya limodzi ndi kugwira ntchito limodzi, kudzakhala kovuta kuti akadzakula adzadane. Lero sukulu za UWC zilipo 18. Zina mwa izo ndi Pearson College ku Canada, Red Cross Nordic ku Norway, Mahindra ku India, Li Po Chun ku Hong Kong, ndi UWC East Africa ku Moshi ndi Arusha m'dziko la Tanzania, imene inalowa m'gululi mu 2019.

Ina yodziwika ndi African Leadership Academy ku Johannesburg, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2008. Mmodzi mwa oiyambitsa ndi Fred Swaniker wa ku Ghana. Iyi imatenga achinyamata a mu Africa monse, ndipo kuwonjezera pa maphunziro a masiku onse imaphunzitsa utsogoleri, kuyambitsa bizinesi ndi mbiri ya Africa.

Ya pafupi ndi kwathu

Pa sukulu zonse za UWC, imene nkhani yake imandigwira mtima ndi Waterford Kamhlaba, yomwe ili paphiri kunja kwa mzinda wa Mbabane ku Eswatini. Michael Stern anaitsegula mu 1963, nthawi imene ku South Africa lamulo la tsankho linkaletsa mwana wakuda kukhala m'kalasi limodzi ndi mwana wa mzungu. Iye anaoloka malire n'kukamanga sukulu yolandira onse. Dzina loti Kamhlaba inapatsidwa ndi Mfumu Sobhuza II, ndipo limanena za dziko lonse lapansi. Ana aakazi a Nelson Mandela anaphunzira pamenepo bambo awo ali m'ndende, ana a Desmond Tutu nawonso, komanso Ian Khama amene pambuyo pake anakhala mtsogoleri wa Botswana. Sukuluyi inalowa m'gulu la UWC mu 1981. Kholo lizidziwa kuti chaka cha sukulu kumeneko chimayamba mu Januwale, pamene sukulu zambiri za UWC zimatsegula mu Ogasiti kapena Seputembala.

Khomo lolowera

Apa ndi pamene anthu amasokera. Mwana wofuna thandizo la fizi ku UWC salembera ku Norway kapena ku India mwachindunji. Amadzera ku komiti ya dziko lake, ndipo makomiti otere alipo m'maiko oposa 150, Malawi ali momwemo. Ambiri mwa anthu a m'makomitiwa ndi ongodzipereka, ena ndi oti anaphunzira m'sukulu zomwezi. Komiti ndiyo imalengeza tsiku lotseka, imaika malire a zaka ndi kalasi, imawerenga mafomu, imaitana ana ku intavyu, kenako n'kupereka maina kusukulu zimene zaipatsa malo chaka chimenecho. Mwana atha kunena kumene mtima wake uli, koma wolota za Canada angathe kutumizidwa ku Armenia kapena ku Tanzania. Ku African Leadership Academy kuli kosiyana: mwana amadzaza fomu pa intaneti n'kuitumiza kusukulu komweko.

Munthu wina aliyense wobwera n'kunena kuti akupezerani malo mukamupatsa kangachepe ndi wakuba. Malo amenewa sagulidwa pa WhatsApp.

Mapointi okha sakwanira

Kwathu kuno tinazolowera kuti mapointi a MSCE ndiwo amalankhula. Kumeneko amawayang'anadi, ndipo mwana wofooka m'kalasi sangapirire maphunziro ake. Koma ana okhoza bwino ofunsira malo amachuluka kuposa malowo, choncho chimene chimasiyanitsa mwana ndi mnzake ndi chimangirizo chimene walemba, makalata a aphunzitsi omuikira umboni, ndi mmene wayankhulira pamaso pa komiti.

Ndinathandizapo mtsikana wina wa pa CDSS amene ankalemba chimangirizo chake pa foni yobwereka, bandulo ikutha, magetsi atazima. Funso linali loti afotokoze zimene wachitira anthu a kwawo. Iye analemba mawu akuluakulu a mtendere wa dziko lonse ndi kuthetsa umphawi, mawu oti aliyense akanatha kulemba. Nditamufunsa mmene tsiku lake limayendera, ndinamva kuti amadzuka kusanache kukazinga mandasi ndi agogo ake, amawasiya kwa mayi wina pamsika, ndipo Loweruka lililonse amasonkhanitsa ana a Sitandade 8 pansi pa mtengo wa mango kuwaphunzitsa masamu, bolodi lake likhale chitseko chakale chopaka makala. Ndinamuuza kuti alembe zimenezo. Anandiyang'ana modabwa n'kufunsa, "Aphunzitsi, zimenezi n'zolemba? Sakandiseka?"

Ana athu ambiri ali ngati iyeyu. Amaganiza kuti ntchito yothandiza anthu ndi ya wokhala ndi satifiketi ya kalabu inayake ya m'tauni, ndipo kulera abale ako mayi akudwala, kusunga kaundula wa banki m'khonde ya amayi osadziwa kulemba, kapena kutsogolera kwaya ya achinyamata amaziona ngati zamanyazi. Osankha aja amafuna kuona chimene mwana wachita ndi zochepa zimene ali nazo. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sukulu nthawi ya njala ya 2002 chifukwa chosowa fizi, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale. Anali m'gulu loyamba la African Leadership Academy mu 2008, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Sikuti mwana aliyense apange makina. Koma aliyense ali ndi kanthu kake koona kamene angafotokoze ndi mawu akeake.

Kwa makolo ndi amalume ophunzira ndili ndi pempho: musamulembere mwana. Mukonzereni galamala ngati yakhota, mufunseni mafunso omuthandiza kuganiza, koma cholembera chikhale m'manja mwake. Chimangirizo cholembedwa ndi munthu wamkulu, kapena chotengedwa pa intaneti, chimaonekera poyera mwana akangofunsidwa funso limodzi lokhudza zimene akuti analemba.

Tsiku la intavyu

Osankhidwa pa gawo loyamba amaitanidwa, ndipo nthawi zambiri pamakhala zokambirana za pagulu kuwonjezera pa kufunsidwa payekha. Mwana amene analeredwa kuti asamayang'ane akulu m'maso ndi kuti asamatsutse amavutika pano, ngakhale mutu wake uli bwinobwino. Ayenera kuyeseza ndi mphunzitsi kunena maganizo ake momveka, mwaulemu, osanong'ona. Wolanda mawu a anzake kuti aoneke wanzeru nayenso amadzigwetsa yekha, pakuti akufunafuna munthu wotha kugona chipinda chimodzi ndi anzake atatu a zinenero ndi zipembedzo zina kwa zaka ziwiri.

Nkhani ya ndalama

Mawu oti sikolashipu amasangalatsa, koma safunsa anadya phula. Thandizo la ku UWC limaperekedwa poyang'ana mmene banja limapezera, choncho makolo amafunsidwa kuonetsa zimene amalandira ndi zimene ali nazo. Malo ena amalipiridwa zonse, ena gawo chabe. Ngakhale fizi italipiridwa, funsani msanga kuti ndani alipire pasipoti, viza, tikiti ya ndege, inshuwalansi ya chipatala, zovala za kozizira ndi ndalama ya m'thumba. Funsaninso kumene mwana adzakhale pa tchuthi sukulu ikatseka, chifukwa si banja lililonse lingamugulire tikiti yobwerera kumudzi kawiri pachaka. Pasipoti yambani kuikonza mwana akangoitanidwa ku intavyu. Ndipo polemba za chuma chanu nenani zoona, musachepetse kapena kukokomeza.

Akakafika, akukaphunzira chiyani?

Sukulu za UWC zimaphunzitsa International Baccalaureate Diploma, imene ambiri amangoti IB. Mwana amatenga maphunziro 6, atatu mozama ndi atatu mwapakatikati. Lililonse limakhala ndi mapointi kuyambira 1 mpaka 7, ndipo mosiyana ndi MSCE, mu IB ochuluka ndiwo abwino. Onse pamodzi amafika 45, kuphatikiza atatu ochokera ku chimangirizo cha kafukufuku cha mawu 4,000 ndi phunziro lofunsa mmene timadziwira zimene timadziwa. Palinso ntchito zothandiza anthu, masewera ndi zaluso, zimene n'zokakamiza. Mwana wozolowera kuloweza manotsi a aphunzitsi amadzandira miyezi yoyamba, chifukwa kumeneko amamufunsa maganizo ake ndi chifukwa chake. Omaliza ku UWC akalandiridwa kumakoleji ena a ku America amatha kuthandizidwa ndi thumba la Shelby Davis, limene linayamba mu 2000.

Kupukwa nako kulipo. Nsima saiona miyezi yambiri, Chichewa amachilankhula pa foni pokha, ndipo maliro akagwa kumudzi nthawi zambiri amalira ali yekha kutali. Makolo akambirane naye zimenezi asananyamuke.

Yankho likakhala lakuti ayi

Ambiri ofunsira satengedwa, ngakhale ena ochita bwino kwambiri, chifukwa malo amene dziko limodzi limapatsidwa ndi owerengeka. N'chifukwa chake mwana asasiye kukonzekera MSCE kapena kufunsira malo kumayunivesite a kuno podikira kalata ya kunja. Mtsikana wa mandasi uja anafika pa intavyu koma sanasankhidwe. Analira masiku awiri. Chimangirizo chomwe chija anachikonzanso n'kuchigwiritsa ntchito pofunsira thandizo la fizi kwina, ndipo pamene ndinkamuona komaliza anali akuonetsa mng'ono wake wa Fomu 3 mmene amadzazira fomu, pa foni yomwe ija yobwereka.