Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: mawu kwa amene akupita kukoleji



Mayina akatuluka, padoko pamakhala phokoso lina. Ku Makanjira, ku Malindi, ku Msaka, ku Senga Bay mpaka ku Nkhotakota, anthu amapatsirana foni kuti aone ndi maso awo dzina la mwana pa mndandanda wa bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa ntchito yosankhira ophunzira kumayunivesite a boma. M'nyumba mumaphikidwa mpunga, a shehe amabwera kudzapanga dua, ndipo azakhali amalulutira mpaka mawu kusasa. Koma alendo akapita, bambo ndi mayi amatsala pamkeka n'kumawerengetsa: fizi, lendi, chakudya, thiransipoti. Kwina amagulitsa mbuzi, kwina matumba a mpunga omwe banja limati lidye mpaka Febuluwale, ndipo kwina imapita ndi injini ya boti.

Ife amene tikulemba zino tinakulira pamchenga womwewu. Tinayanikako usipa pathandala, tinapirikitsako mbalame m'munda wa mpunga, kenako tinakwera minibasi ndi chikwama chobwereka. Ena tinapita ku Bunda, yomwe tsopano ili pansi pa LUANAR, ena ku Mpwepwe kuno ku Mangochi komwe kuli koleji ya zausodzi, ena ku Zomba, ku Mzuzu ndi kusukulu zauphunzitsi ndi zaluso lamanja. Tinalakwitsa zambiri zomwe sitikanalakwitsa pakanakhala wotiuza. Ndiye azing'ono athu, khalani pansi timve.

Kulibe wokuimbirani belu

Kusekondale kunali belu, kunali mphunzitsi woitana mayina, kunali chikwapu. Kukoleji kulibe zonsezo. Mukagona mpaka dzuwa kufika pamutu, palibe adzakufunseni. Mphunzitsi amabwera, amalankhula ola limodzi kapena awiri, n'kumapita. Zotsalazo ndi zanu. Apa ndi pomwe ambiri a ife tinagwera, chifukwa tinkaganiza kuti ufulu ndi tchuthi.

Dziwani kuti malikisi sayambira pamayeso omaliza. Timayeso ta m'kati mwa semesita, ntchito zolemba kunyumba ndi za mulabu zonse zimawerengedwa. Mukalephera phunziro pang'ono mumalemba mayeso obwereza omwe ophunzira amati sapu. Mukalephera kwambiri mumabwereza chaka, kapena kuchotsedwa kumene, komwe kumeneko amati kuwidwa. Mawuwa amanenedwa moseka m'makhonde a hositelo, koma kwa mwana yemwe bambo ake anagulitsa injini si nkhani yoseketsa.

Mmodzi wa ife analemba sapu ya masamu chaka choyamba. Vuto silinali mutu, linali manyazi. Kwa milungu isanu ndi umodzi sankamva zomwe mphunzitsi ankanena, koma ankaopa kukweza mkono poopa kuti anzake aseka Chingerezi chake chakumudzi. Atalephera anabisa kwa makolo, n'kunama kuti watsalira kusukulu chifukwa cha ntchito ina. Chomwe chinamupulumutsa ndi mnzake wa chaka chachitatu, yemwe anakumana naye kumzikiti, amene anakhala naye pansi masabata awiri. Lero amati akanafunsa sabata yoyamba, zonsezo sizikanachitika. Safunsa anadya phula. Aphunzitsi ali ndi maofesi, ndipo ambiri amakondwa wophunzira akagogoda ndi funso. Pezaninso anzanu atatu kapena anayi oti muziwerenga limodzi, osati ocheza nawo chabe ayi, koma oti wina akagona mnzake amudzutse.

Chinanso, musakopere. Kutenga ntchito ya mnzanu kapena kukoka za pa intaneti n'kulembapo dzina lanu ndi mlandu waukulu kukoleji, ndipo kwa ife Asilamu ndi chinyengo basi, chimodzimodzi kubera pasikelo pogulitsa mpunga.

Ndalama ya kunyanja ili ndi nyengo

Mwana wa mphunzitsi amadziwa kuti pakutha pa mwezi kubwera kanthu. Inu simuli choncho. Ndalama ya kwanu imayenda ndi mphepo. Mwera ukaomba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamakhala masiku ambiri omwe mabwato sachoka padoko. Mwezi ukawala, a chilimira amapuma chifukwa usipa subwera kunyali. Mu Novembala ndi Disembala nyanja imatsekedwa ku makoka kuti chambo chiswane, ndipo ku Malombe amayamba kutseka mu Okutobala. Amene makolo awo ndi alimi akudziwa kuti Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yomwe nkhokwe imayankhula yokha. Musanapite, khalani pansi ndi makolo, mulembe miyezi yomwe angathe kutumiza ndi yomwe sangathe. Ndalama ikabwera yambiri pa Mpamba kapena Airtel Money, kumbukirani kuti mbali ina ndi ya mwezi wa mwera.

Lipirani lendi poyamba, kenako gulani ufa, mafuta ndi makala. Malo ogona pasukulu sakwanira, choncho ambiri mudzakhala m'nyumba za lendi, monga ku Chikanda kwa a ku Zomba kapena ku Luwinga kwa a ku Mzuzu. Musatumize ndalama ya nyumba yomwe simunaione. Alipo akamberembere omwe amadikira ophunzira atsopano ndi zithunzi za nyumba zomwe si zawo. Pemphani wophunzira wakale wochokera kwanu akakuonereni kaye.

Pochoka kwanu nyamulani usipa wouma, utaka, mpunga ndi ufa wa kondowole ngati ulipo. Ena a ife tinkabisa usipa pansi pa bedi poopa kununkhitsa chipinda, mpaka tinazindikira kuti anzathu akutauni aja amaugula modula pamsika, kamulu kakang'ono. Mlongo wathu wina anayamba kuitanitsa ndowa ya usipa kwa amayi ake n'kumagulitsa timapaketi kwa anzake, ndipo lendi ya chaka chachiwiri inachokera pomwepo. Malonda ngati amenewa ndi halaal, bola asakudyereni nthawi ya kalasi.

Thandizo liliko koma silibwera lokha. Bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, la HESLGB, limalengeza nthawi yofunsira ngongole, ndipo nthawiyo ikadutsa yadutsa. Konzani chiphaso chanu cha unzika ndi makalata onse msanga. Ndi ngongole, idzabwezedwa, choncho werengani mfundo zake musanasaine, ndipo pomwe mtima ukukayika funsani a shehe odziwa. Bungwe la Islamic Zakaat Fund nalo lakhala likuthandiza ophunzira osowa. Funsani kumzikiti kwanu momwe mungalembere, osadikira kuti fizi ikuthamangitseni kaye.

Zinthu ziwiri zatimalizira anzathu tikuona: kubetcha mpira pafoni ndi katapila. Zimayamba ndi kandalama kochepa, mawa lake wabetcha ya lendi, kenako wakongola kwa wakatapila kuti abweze, mapeto ake laputopu yapita ngati chikole. Juga ndi riba tinaziphunzira kumadrasa kuti ndi haraam. Kukoleji mudzaona ndi maso chifukwa chake.

Swala yanu ndi nangula

Asodzi amadziwa kuti boti lopanda nangula limapita komwe mphepo yafuna. Sabata yoyamba, musanadziwe komwe kuli bwalo la mpira, dziwani komwe Asilamu amaswalira. M'makoleji ambiri muli bungwe la ophunzira Achisilamu, ndipo ndi kumeneko komwe mudzapeze wokuuzani butchala yogulitsa nyama ya halaal, nyumba yabwino ya lendi, ngakhalenso mabuku akale a maphunziro anu.

Padzakhala masiku omwe kalasi idzagundana ndi Jumu'ah. Musangojomba mwakachetechete, komanso musakalimbane ndi mphunzitsi pagulu. Pitani awiri kapena atatu kuofesi yake kumayambiriro kwa semesita, mufotokoze mwaulemu. Ife tinaona kuti ambiri amamva akauzidwa nthawi ilipo. Ramadhani nayo imabwera msanga ndi masiku khumi kapena khumi ndi limodzi chaka chilichonse, ndiye pa zaka zinayi zanu ikhoza kukupezani m'kati mwa mayeso. Tinapeza kuti kuwerenga mukangodya daku ndi kuswali Fajr kumalowa bwino kuposa masana, mutu utatentha. Futari muzidyera limodzi, aliyense abweretse chomwe ali nacho. Kusala wekha kutali ndi kwanu kumawawa, koma pagulu kumapepuka.

Mudzagona chipinda chimodzi ndi Akhristu, ndi ena osapemphera n'komwe. Ena adzakhala abale anu a moyo wonse. Auzeni poyera kuyambira pachiyambi kuti simudya chakuti, simumwa mowa, ndipo mumadzuka m'bandakucha kuswali. Munthu amalemekeza yemwe wanena chilungamo tsiku loyamba kusiyana ndi wobisa amene akudziwika mochedwa. Inunso lemekezani mapemphero awo.

Kwa inu achemwali athu: hijabu yanu si chopinga pamaphunziro, tavala ife mpaka tsiku lolandira digiri. Koma chenjerani ndi amuna, kaya ophunzira akale, kaya abwana a magalimoto oima pageti, omwe amadziwa kuti mtsikana wa chaka choyamba ndalama zimamuthera pakati pa mwezi. Kunyanja kuno tikudziwa zomwe zimachitikira amayi ena ogula nsomba akasowa ndalama padoko. Kukoleji msampha ndi womwewo, wangovala suti. Wina akakuopsezani kuti mulephera mukamukana, ngakhale akhale mphunzitsi, musafe nazo nokha. Sungani mauthenga ake, uzani mlongo wamkulu, ndipo kanenani kuofesi yoona za ophunzira. Inunso achimwene, mtsikana wa mnzanu wa kumudzi ndi mlongo wanu, mutetezeni.

Zakwanu si zochititsa manyazi

Tsiku lina m'kalasi ya zausodzi mphunzitsi analemba pabolodi dzina loti Oreochromis, n'kufunsa ngati alipo akudziwa momwe nsombayi imalerera ana. Kalasi yonse inali zii. Mnzathu wina, yemwe sanayankhulepo chiyambire, anazindikira pachithunzi kuti ndi chambo. Anafotokoza momwe chachikazi chimasungira mazira ndi tiana m'kamwa, ndi momwe khoka lokokera kumtunda limaphera mayi ndi ana nthawi imodzi. Anaziona ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, akuthandiza agogo ake kutola nsomba. Kuyambira tsiku limenelo anzake ankamufuna pagulu lililonse.

Zomwe mukudziwa ndi chuma. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo n'chifukwa chake malo otetezedwa a ku Cape Maclear anaikidwa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Koma mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zili pangozi yaikulu yotheratu. Akatswiri akamafuna chitsanzo cha kusamala nsomba amatchula chilumba cha Mbenji ku Salima, komwe mfumu yaikulu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kwa zaka zambiri, mwa malamulo awoawo. Nzeru imeneyo sinachokere m'buku, mabuku ndi omwe anabwera kudzaiphunzira. Mukafika polemba kafukufuku wa chaka chomaliza, kumbukirani mavuto a kwanu: usipa woola pathandala nthawi ya mvula, nkhuni zowambira zomwe zikutha m'mapiri, mpunga wogulitsidwa motchipa kwa mavenda pokolola. Ngakhale mukuphunzira zaunamwino, zamalamulo kapena zowerengera ndalama, kwanu kuli likodzo, kuli mikangano ya malo, kuli magulu a asodzi osowa wowalembera mabuku a ndalama.

Mukabwera patchuthi, vulani nsapato mulowe m'madzi. Musakhale mwana yemwe wabwerako akuyankha agogo ake m'Chingerezi, wanyansidwa ndi fungo la nsomba yomwe ikumulipirira fizi.

Mawu awiri kwa makolo

Bambo ndi mayi, mwana akaimba foni musamangofunsa za ndalama ndi malikisi. Mufunseni ngati akudya, ngati akuswali, ngati ali ndi anzake. Ana ambiri amabisa mavuto poopa kukukhumudwitsani, podziwa zomwe munagulitsa. Ena amafika podwala maganizo ali okhaokha m'chipinda. Muuzeni asananyamuke kuti akalephera phunziro anene, simumutaya. Sapu imakonzeka, koma bodza la chaka chonse limavuta kukonza.

Musamuitanitsenso pa chilichonse. Sadaka ya kumudzi, ukwati wa msuweni, kukolola, zonsezi zikhoza kuchitika iye ali kusukulu. Ndipo mwana wamkazi akasankhidwa, nkhani ya nikah idikire kaye kapena ikambidwe moti sukulu isaime. Azachipatala achikazi omwe timawafuna amayi athu akamachira sadzagwa kumwamba, ndi ana omwewa.

Amene dzina lanu silinatuluke, musataye mtima. Sukulu zaluso monga ya ku Salima ndi ya Nasawa ku Zomba zimaphunzitsa ntchito zamanja, ndipo padoko lililonse pakufunika wodziwa kukonza injini ndi magetsi a sola. Ena a ife tinalowera khomo limenelo, ndipo tikudya.

Kwa inu amene mukunyamuka, pitani bwino. Lembani nambala ya wophunzira wakale wa kwanu musanakwere galimoto, ndipo mukafika imbirani amayi. Allah akutsegulireni nzeru, akutetezeni panjira, ndipo akubwezereni kwanu ndi maphunziro opindulitsa mudzi wonse. Ameen.