Amisiri akapanda kuuzana, amalipira ndi mwini nyumba

Tikamadutsa m'madera amene anthu akumanga kwambiri masiku ano, monga ku Area 49 ku Lilongwe kapena ku Chileka ku Blantyre, pali chinthu china chimene maso athu adachizolowera mpaka sitichionanso ngati vuto. Nyumba ndi yatsopano, malata akung'anima, pulasitala adauma bwinobwino, koma makoma ali ndi mizere yakuda yotsika kuchokera kudenga ngati zipsera. Mizereyo ndi mmene wamagetsi adasema khoma limene womanga adali atalimaliza kale. Womanga adalandira ndalama zake zomatira, wamagetsi adalandira zake zosemera, womanga adaitanidwanso kudzamata kachiwiri. Palibe adaba, palibe adachita ulesi. Kungoti anthu awiriwa sadalankhulane.

Kuti timvetse gwero lake, tione kaye mmene nyumba za mabanja zimamangidwira kwathu kuno. Ntchito zikuluzikulu zimapatsidwa kwa kontilakitala wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira zomangamanga, limene lidayamba ndi lamulo la 1996 ndi dzina loti National Construction Industry Council, ndipo kontilakitalayo amakhala ndi kapitawo woona kuti ntchito ya mmisiri uyu ikulumikizana ndi ya mnzake. Koma mphunzitsi, namwino kapena mlimi wa fodya akamamanga yake, kawirikawiri amalemba amisiri mmodzimmodzi. Womanga amabwera chaka chino, kalipentala chaka chamawa ndalama zikapezeka, pulambala ndi wamagetsi pambuyo pake, kenako wowotcherera, woika matailosi ndi wopaka penti. Ena mwa iwo sadzaonana n'komwe. Zimene womanga ankadziwa za nyumbayo adapita nazo m'mutu mwake tsiku limene adalandira malipiro omaliza. Mosadziwa, mwini nyumba ndiye wasanduka kapitawo, pamene sadagwirepo chipande cha simenti chibadwire.

Chimene chimapweteketsa n'chakuti ntchito yomanga siibwerera mmbuyo. Telala akasoka molakwika amasosola ulusi n'kuyambiranso, nsalu ili yomweyo. Konkire satero. Pakatha masiku 7 amakhala atalimba ndithu, ndipo pofika masiku 28 amakhala atafika pa mphamvu imene akatswiri amawerengera. Chilichonse chimene chidayenera kulowa pansi pake koma sichidalowe chidzalowa ndi hamala.

Apa ndi pamene pulambala amavutikira kwambiri. Paipi yochotsa zoipa kuchokera kuchimbudzi imayenera kupendekeka kuti madzi aziyenda okha, ndipo muyezo umene amisiri ambiri amatsata ndi wakuti itsike mita imodzi pa mamita 40 aliwonse, kapena kuti masentimita awiri ndi theka pa mita imodzi. Chimbudzi chikakhala mamita 8 kuchokera pamene paipi itulukire, ndiye kuti paipiyo itsika masentimita 20. Tsono ngati womanga wathira kale silabu, wamanga maziko opanda pobowola, ndipo sepitiki thanki adaikumba kumtunda kwa puloti chifukwa kumeneko n'kofewa, pulambala atani? Aswa silabu. Poswapo aboola pulasitiki imene idayalidwa pansi kuti itchinge chinyontho, ndipo asokoneza dothi limene lidapoperedwa mankhwala a chiswe. Ndalama ya simenti yotsekera dzenjelo imaoneka msanga, ndipo mwini nyumba amadandaula n'kuiwala. Imene siioneka ndi ya chinyontho chimene chidzayambe kukwera pakhoma la bafa mvula yachiwiri, penti n'kuyamba kusupuka, kapena chiswe chimene chidzatulukire pa mng'alu womwewo n'kupita kukadya mafelemu a makabati.

Pa nkhani yosema makoma ija, ambiri timaiona ngati yongoipitsa maonekedwe, koma ili ndi mbali ina yoopsa. Malangizo omangira a ku England amati ngalande yosemedwa motsika isaye kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwa khoma, ndipo yosemedwa mopingasa isapitirire gawo limodzi mwa magawo 6. Makoma ambiri ogawa zipinda kwathu ndi a njerwa imodzi yogoneka m'litali, okhuthala mamilimita 115. Gawo limodzi mwa magawo 6 a 115 ndi mamilimita 19, pamene kapaipi kodutsamo mawaya n'ka mamilimita 20. Mwaona? Wamagetsi amene wabwera mochedwa n'kufuna kudula njira mopingasa wadutsa kale malire asanakwirire n'komwe kapaipi kake. Akasema mbali zonse ziwiri za khoma lomwelo, chifukwa zipinda zonse ziwiri zikufuna soketi, pakati pamatsala kachidutswa chabe. Choipa koposa ndi pamene tchizulo chafika pa bimu yozungulira nyumba pamwamba pa mawindo, mmisiri n'kudula chitsulo cha mkati kuti paipi idutse. Bimuyo ndiye lamba womanga makoma onse pamodzi. Akadauzana msanga, womanga akadangosiya kachidutswa ka paipi m'thabwa asanathire konkire, ntchito ya mphindi zisanu.

Palinso vuto la chilankhulo, ngakhale onse akulankhula Chichewa. Pulani imalembedwa m'mamilimita. Malata timagula m'mafiti. Kalipentala amatchula matabwa m'mainchi. Womanga wina amayeza chipinda kuchokera kunja kwa makoma, mnzake kuchokera mkati. Lata la mafiti 12 ndi mamita 3.66, si mamita 4, ndipo munthu amene watumidwa kutauni atangouzidwa kuti "mugule aatali aja" akhoza kubwera ndi malata opelewera pakhonde. Ndiye pali kusintha kumene mwini nyumba amakuona ngati n'kochepa. Pulani idajambulidwa ndi makoma a njerwa zowotcha a mamilimita 230, koma iye wasankha mabuloko a simenti a mamilimita 150, mwina pothawa mtengo wa nkhuni. Palibe cholakwika. Koma wowotcherera wauzidwa? Ngati sadauzidwe, mafelemu a zitseko afika ali otakata kuposa khoma. Woika matailosi nayenso akafika, matailosi ndi guluu wake zimakweza pansi ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo, ndipo zitseko zimene kalipentala adapachika miyezi yapitayo zimayamba kukhula pansi. Chathabwa amachipala. Chachitsulo chimabwerera kwa wowotcherera.

Giza ndiye imasonyeza bwino mmene ntchitozi zidalukanirana. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho giza ya malita 150 ikadzaza imaposa matumba atatu a simenti kulemera kwake. Kalipentala ayenera kudziwa pamene idzakhale kuti alimbitse matabwa, makamaka ikhale pamwamba pa khoma. Pulambala afuna njira ya mapaipi awiri ndi potayira madzi osefukira. Wamagetsi afuna waya wokhuthala ndi swichi yakeyake. Woika siling'i asiye pakhomo potha kudutsa gizayo ikadzawonongeka. Amisiri anayi pa chinthu chimodzi, koma nthawi zambiri mwini nyumba amaitchula siling'i atakhoma kale.

Tikawerengera zoluza, ambiri timaima pa matumba a simenti. Koma nthawi ndiyo imadya kwambiri. Amisiri akafika n'kupeza kuti mnzawo sadamalize, amabwerera, ndipo anyamata othandizira amafunabe ya tsiku limenelo. Akapita kukagwira kwina sabwera mawa, amabwera mwezi wamawa. Mwezi umenewo banja likulipirabe lendi. Ngati kuchedwako kwagwera mu Novembala denga lisanafoleredwe, matabwa anyowa ndi kupindika. Ndipo kwathu kuno kuchedwa kuli ndi mtengo wina umene tonse timaukumbukira: ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adachedwa milungu itatu podikira kuti kalipentala ndi womanga agwirizane za kupendekeka kwa denga adakapeza mitengo ya malata ili ina. Onjezani pamenepo kuti ESCOM siilumikiza magetsi popanda chikalata cha wamagetsi wovomerezedwa ndi bungwe la MERA. Amene adalemba wotchipa wopanda chiphaso, osauzidwa zimenezi, amadzalipira wachiwiri kuti aunike ndi kukonza ntchito ya woyamba.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu akuluakulu, odziwa ntchito yawo, sauzana? Ife tikuona kuti china ndi ulemu wathu womwewu. Womanga wachinyamata waona kuti malo amene abwana asankha a sinki ndi ovuta, koma akuopa kuoneka wamwano, ndiye amangoti, "Chabwino bwana, tipanga." Vuto likadzaoneka yankho limakhala lodziwika: "Ine sadandiuze, bwana." Akulu adati safunsa adadya phula, koma pa nyumba amene amadya phulalo si amene sadafunseyo. China ndi kalipiridwe. Mmisiri amene mwagwirizana naye mtengo wa ntchito yonse amaluza akaima kudikira mnzake, choncho n'kwanzeru kwa iye kumata msanga n'kuchoka. Sitingamunene kwambiri, poti mgwirizanowo ndi umene wamukankha. Chinanso n'chakuti pulani, imene idalipiridwa ndalama zambiri, imasungidwa m'sutikesi kunyumba kuopa kuti ingade, amisiri n'kumamanga zapamtima.

Ndiye pali nyumba zomangidwa pa foni. Mwini wake ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, akutumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Iye wauza womanga pa WhatsApp kuti khitchini ikhale kumadzulo. Mayi a kunyumba afika pamalopo n'kunena kuti windo likule. Alamu amene akuyang'anira asintha pamene padzakhale chitseko. Onse atatu ali ndi mphamvu, ndipo mmisiri amamvera amene wabwera komaliza. Tisaganize kuti ndi matenda a ife osauka okha. Ku Britain, lipoti la Sir Michael Latham la 1994 lidapeza kuti ntchito zomanga kumeneko zinkaonongetsa ndalama chifukwa cha kugawikana ndi kukokanakokana kwa ogwira ntchito, ndipo lidati mtengo ungatsike ndi 30 peresenti anthu atagwirira limodzi.

Zothandiza zake n'zotchipa modabwitsa. Maziko asanakumbidwe, amisiri onse akumane pa puloti tsiku limodzi, ngakhale amene ntchito yawo idzayambe chaka chamawa. Mtengo wake ndi thiransipoti ndi nkhomaliro. Pulani aijambulitse kangapo, imodzi ikhale pamalopo, ide ndi matope. Makoma akakwera, mwini nyumba ayende chipinda ndi chipinda ndi womanga, pulambala ndi wamagetsi, khala lili m'manja, akulemba pakhoma pamene padzakhale bedi, soketi, sinki ndi mpopi. Womanga alembe mzere wozungulira nyumba yonse pa mita imodzi kuchokera pamene pansi padzathere matailosi ataikidwa, kuti aliyense aziyezera pamenepo. Banja lisankhe munthu mmodzi wolankhula ndi amisiri, ndipo chosintha chilichonse chilembedwe m'kope losungidwa pamalopo, ndi tsiku lake.

Kwa ife osunga Sabata pali kanthu kena koyenera kunena poyambirira penipeni. Mmisiri amene sadauzidwe kuti Loweruka sipagwiridwa ntchito akhoza kuthira silabu Lachisanu madzulo, pamene konkire watsopano amafuna kukhala wonyowa masiku oyambirira kuti asang'aluke. Akadziwa msanga, athira kumayambiriro kwa sabata, kapena aphimba silabuyo ndi pulasitiki dzuwa lisanalowe.

Ndipo pulasitala asanamatidwe, wina atenge foni ajambule khoma lililonse mapaipi akuoneka, tepi yoyezera ili pambali pake. Zaka zisanu zikadzadutsa, kalipentala wobwera kudzakhoma makabati a m'khitchini adzafuna kudziwa pamene paipi ya madzi idadutsa asanalowetse msomali.