MADZI M'THUPI LA MUNTHU

Phunziro lathu la lero tiliyambira ku Palabana, m'boma la Chongwe, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. Kumeneko kunakhazikitsidwa sukulu ya Palabana Dairy Training Institute yophunzitsa anthu kuweta ng'ombe zamkaka. Mlimi wa ng'ombe zotere amayang'ana momwera ziweto zake m'mawa uliwonse, pakuti pa malita 100 a mkaka, malita 87 ndi madzi. Tsiku lotentha ng'ombe imodzi imamwa malita oposa 60, ndipo ikasowa madzi mkaka umachepa msanga.

Tsono ngati ng'ombe iteromo, nanga munthu? Pa makilogalamu 10 alionse a thupi la munthu wamkulu, pafupifupi 6 ndi madzi, ndipo gawo la madzi m'thupi la khanda limaposa pamenepo. Madziwo ndiwo amayendetsa chakudya m'magazi kufikira ziwalo zonse. Impso zimawagwiritsa ntchito potulutsa zoipa mu mkodzo. Thukuta nalo ndi madzi, ndipo likamauma pakhungu thupi limazizira.

Madziwa amachoka m'thupi usana ndi usiku, ngakhale popuma. M'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa limaswa mtengo, mwana woyenda ulendo wautali kupita kusukulu amataya madzi ambiri. Mwana wotere mutu umamupweteka, amasinza m'kalasi, ndipo masamu osavuta amamukanika. Ludzu limabwera madzi atachepa kale, kotero musadikire ludzu. Imwani musananyamuke kunyumba, pa nthawi yopumula, ndiponso mukatha kusewera mpira kapena kulima m'munda wa sukulu. Mwana wa msinkhu wanu amafunika makapu 6 mpaka 8 pa tsiku. Njira yodziwira ndi iyi: mkodzo woyera ukusonyeza kuti madzi akwanira, koma wachikasu kwambiri ndi wochepa ukukuuzani kuti mumwe.

Komabe si madzi onse amene ali abwino. Mu Okutobala 2023 matenda a kolera anabuka mu Lusaka nafalikira m'zigawo zina za Zambia. Odwala anachuluka kotero kuti bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka chipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 Febuluwale 2024. Kolera amabwera ndi madzi kapena chakudya choipitsidwa, ndipo amapha pomaliza madzi m'thupi. Chifukwa chake madzi a pachitsime kapena a mumtsinje wa Chongwe ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini. Asungidwe mu mtsuko wovundikira, ndipo kapu yotungira isakhale yomwera.

Mng'ono wanu akayamba kutsekula m'mimba, yang'anani maso, milomo ndi liwombo. Maso akalowa, milomo ikauma, liwombo likalowa m'kati, madzi akumuthera. Ena amamumana madzi poganiza kuti kutsekulako kuleka. Kumeneko ndi kulakwa kwakukulu. Apatsidwe madzi a mchere ndi shuga a m'paketi ya kuchipatala, amene ambiri amawatcha madzi a moyo. Ngati paketiyo palibe, munthu wamkulu asakanize masupuni a tiyi 6 a shuga osaunjika ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Mwanayo azimwa pang'onopang'ono, mayi apitirize kumuyamwitsa, ndipo apite naye kuchipatala mosachedwa.

Aphunzitsi, phunziroli likatha, lolani ana apumire pa galasi lozizira aone nthunzi yochokera m'thupi mwawo. Kenaka mwana aliyense alembe m'kope makapu a madzi amene amwa tsiku lililonse kwa mlungu umodzi, ndipo Lachisanu muwerengere pamodzi. Tsalani bwino ana inu, tidzakumananso m'phunziro lotsatira.