Kabokosi ka Singano ndi Ulemu wa Ntchito ya Manja

Tikamaphunzira chikhalidwe cha anthu, kaŵirikaŵiri timayang'ana zinthu zazikulu: nyumba za mafumu, miyambo ya maliro, nyimbo ndi magule. Komabe tizinthu timene munthu amayenda nato tsiku ndi tsiku timaululanso zimene mtima wake umalemekeza. Pano tifuna kulingalira za kamodzi mwa tizinthu totere: kabokosi kosungiramo singano.

Kale singano idali chuma, pakuti iliyonse inkapangidwa ndi manja, ndipo siinkachedwa kuthyoka kapena kusoŵa. Nchifukwa chake anthu a mitundu yosiyanasiyana adaipangira mosungira. M'manda a ku Birka, m'dziko la Sweden, a m'zaka za m'ma 800 ndi 900, ofukula zakale adapezamo timachubu ta mkuŵa tosungiramo singano, toikidwa pamodzi ndi mitembo ya amayi. Nawo Ainuit, okhala kumaiko ozizira kwambiri a kumpoto, ankasema timachubu ta fupa kapena ta mano a nyama za m'nyanja. Singano ankazibaya pa kachikopa, nakakokera m'kati. Kwa iwo nkhaniyi idali ya moyo ndi imfa: popanda singano palibe chovala chachikopa, ndipo popanda chovalacho munthu sangapirire chisanu. Kukongoletsa kachubuko kudali kulemekeza ntchito yosunga banja.

Zinthu zidasintha ku France ndi ku England m'zaka za m'ma 1700. Kumeneko kabokosika kankatchedwa étui, dzina lochokera ku mau a Chifalansa chakale otanthauza kusunga kapena kutsekera. Amisiri ankakapanga ndi golide, siliva, mnyanga wa njovu kapena chigoba cha kamba wa m'nyanja, najambulapo maluŵa ndi mbalame. M'kati munkakhala singano, kasizasi, kampeni, kapensulo ndi kochotsera phula m'khutu. Amayi olemera ankakapachika m'chiuno ndi kaunyolo. Apa tiona kuti chosungira chidapambana mtengo wa chosungidwa: kabokosi sikankanenanso za ntchito, koma za chuma cha mwiniwake.

Nanga opanga singanowo? M'zaka za m'ma 1800 tauni ya Redditch ku England idasanduka likulu la ntchitoyi, nkumatumiza singano pa dziko lonse. Amuna onola nsonga pa mwala ankapuma fumbi la chitsulo ndi la mwalawo, ndipo ambiri ankafa ndi nthenda ya m'mapapo asadakalambe. Makina atachuluka, singano idatsika mtengo, ndipo kabokosi kokongola kaja kadasanduka koonetsa m'nyumba zosungiramo zakale.

Tsono tikaona chinthu chokongoletsedwa mwaluso, tisalekere pa kuzizwa. Tidzifunse: kodi chikusunga chiyani? Chikulemekeza yani? Ndipo ndani adakhetsa thukuta lake, mwinanso kutaya moyo wake, amene dzina lake silidalembedwe pa golideyo?