Tsiku Limene Nyimbo za Agogo Zinasokera M'foni

Pa tchuthi chapitachi, nditatsika minibasi kwathu ku Ulongwe, ndinapeza agogo anga aamuna atakhala pakhonde ali ndwii, foni iri pamphasa. Ndisanatule n'chikwama chomwe, iwo anati, "Wafika bwino mdzukulu. Tatenga chinthu chakochi uone, wina wandibera nyimbo zanga zonse." Ine ndinaseka, koma iwo sanaseke.

Foniyo anawatumizira ndi amalume amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo amene anaikamo app yomvera nyimbo ndine. Agogo anakhala telala zaka zambiri, singano inawatha maso, ndiponso Chingerezi sachidziwa. Chotero ndinawaphunzitsa njira imodzi yokha: dinani batani lachitatu m'munsi, kenaka dinani chithunzi choyamba pamwamba. Akatero zinkalira nyimbo za Alleluya Band ndi za malemu Lucius Banda, mwana wa ku Balaka konkuno amene anatisiya mu June 2024. Chaka chathunthu anayenda njira imeneyi madzulo alionse osasokera.

Nditayang'ana m'fonimo ndinapeza kuti palibe anaba kanthu. Nyimbo zonse zinalimo, koma app inali itasintha nkhope. Batani lachitatu lija linali litasanduka khomo la timakanema ta anthu achilendo, timene tinkayamba kulira tokha popanda wotidina. Mndandanda wa agogo unali utabisika kuseri kwa mabatani ena atatu. Choipa koposa, bandulo imene inkawafikitsa kumapeto kwa mwezi inatha masiku anayi okha. Dzina la app imeneyi sinditchula, pakuti khalidweli nla ambiri. Ndinatha tchuthi chonse ndikufufuza chifukwa chake zimatero, ndipo zimene ndinapeza ndafuna kugawana nanu, anzanga, popeza ndidziwa kuti ngakhale kuno ku sukulu mafoni ngoletsedwa, kunyumba ambiri a ife ndife amene timaitanidwa foni ikavuta.

Tiyambe ndi kudziwa m'mene app yotere imagwirira ntchito. Pali njira ziwiri zomvera nyimbo pa foni. Yoyamba ndi kukhala nayo nyimboyo m'foni mwanu kapena m'memore, monga madzi otungira mumtsuko: mwatunga kamodzi, mudzamwa nthawi iriyonse. Yachiwiri ndi kumvera nyimbo imene iri pa makompyuta a kampani kutali, ikubwera pang'onopang'ono pa intaneti pamene mukumvera. Uku ndi kumwera pampopi wolipira: dontho lirilonse liwerengedwa, ndipo mwini mpopi ndiye alamula. Spotify, imene inafika ku Malawi mu February 2021, YouTube, Netflix ndi anzawo ambiri amagwira ntchito m'njira yachiwiriyi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Agogo akagula wailesi, inali yawo. Mu 1949 ku Lusaka kunatuluka kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kamene kanafika ndi kuno komwe, ndipo munthu amene anakagula anadziwa kuti chopotokola chake chidzakhala pomwepo mpaka kawailesiko kadzafe. Galamafoni, kaseti ndi CD zinalinso chimodzimodzi. Koma app siiri choncho. Foni ndi yanu, inde, koma app ndi nyumba ya lendi. Mwini nyumba angathe kubwera usiku inu muli m'tulo, nasuntha khomo, natseka zenera, naika bedi kukhitchini, osakupemphani.

Nanga amasinthiranji? Ndapeza zifukwa zinayi.

Choyamba ndi ndalama. Ma app ambiri amene timati ngaulere amadya kuchokera kwa otsatsa malonda. Munthu akakhala nthawi yaitali akuyang'ana sikirini, amaona malonda ambiri, ndipo kampani imalandira zambiri. Agogo anga, amene amadina kawiri n'kuika foni pamphasa, sapindulitsa kwenikweni. Chotero eni ake amaika patsogolo zinthu zokopa maso, nakankhira kumbuyo chimene inu munadzera. Wamalonda wa pamsika wa Balaka amachitanso zomwezo: mchere ndi sopo amaika kumbuyo, pakuti adziwa kuti mudzafunsa ndithu, koma masiwiti amaika pamaso penipeni.

Chachiwiri ndi mpikisano. TikTok itatchuka ndi timakanema tifupitifupi toyenda chokwera ndi chala, makampani ena anaopa kutsalira. Mu March 2023 Spotify inaonetsa tsamba lake loyamba latsopano lokhala ndi zithunzi zazikulu ndi zidutswa za nyimbo zongoyamba zokha, ndipo anthu ambiri anadandaula kuti ikutsanzira TikTok. YouTube nayo iri ndi Shorts, Facebook ndi Instagram ziri ndi Reels.

Chachitatu ndi kuyesa. Makampaniwa amagawa anthu awo m'magulu mosawauza, gulu lina alionetsa nkhope yakale, lina yatsopano, nawerenga kuti ndi ati akhalitsa. Ichi ndicho chifukwa chake inu ndi mnzanu mungathe kukhala ndi app imodzimodzi koma mabatani ali posiyana, n'kuyamba kutsutsana pachabe. Koma makina owerengerawo amangoona kuti munthu wakhala mphindi khumi m'malo mwa ziwiri. Sadziwa ngati anali kusangalala kapena anali kusokera monga agogo.

Chachinayi, ndinene zoona, ndi chabwino. Nthawi zina amasintha pofuna kukonza zolakwika, kutseka mipata imene akuba angalowerepo, kapena kuti app igwirizane ndi mafoni atsopano. Si kusintha konse kumene kuli koipa, ndipo munthu wokana update mpaka kalekale tsiku lina adzapeza app yake yaleka kutseguka.

Tsono nchifukwa ninji kusinthaku kumawawa chotere? Ena amati ndi ulesi wa kuphunzira chatsopano, koma ine sindivomereza. Taganizani za njira yochokera ku hositelo kupita ku chipinda chodyera. Magetsi akazima timayenda osapunthwa, chifukwa miyendo inaloweza. Zala nazo zimaloweza. Munthu akazolowera app saiwerenganso, amangodina monga telala apondera makina ake maso ali pa nsalu. Mukasuntha batani mwafafaniza zonse zimene zala zinaphunzira. Kwa ife odziwa kuwerenga Chingerezi ndi vuto la masiku awiri. Kwa munthu wosaona bwino, kapena wolankhula Chiyao ndi Chichewa chokha monga makolo athu ambiri a ku Ntaja, ku Nsanama ndi ku Phalula, malo a batani ndiwo anali chinenero chokhacho chimene iye ndi foniyo ankamvana. Mukachichotsa mwamtsekera kunja.

Palinso nkhani ya data, imene anthu opanga ma app m'maiko olemera saiganizira kwambiri, popeza kwawo intaneti amalipira pamwezi mosawerenga madontho. Tiyeni tichite samu pang'ono, aphunzitsi athu a masamu aone kuti sitinagone. Nyimbo yomveka bwino ndithu imayenda pa makilobiti 96 pa sekondi. Mu ola limodzi muli masekondi 3,600. Tikachulukitsa n'kugawa ndi 8, popeza mabiti 8 apanga baiti imodzi, tipeza pafupifupi 43 MB pa ola. Koma kanema ndi chilombo china. Netflix yokha imanena kuti kanema wamba angathe kudya mpaka 1 GB pa ola, ndipo wooneka bwino kwambiri mpaka 3 GB. Ndiye kuti ola limodzi la kanema wamba lingathe kumeza data yokwanira nyimbo za maola opitirira 20. Tsopano mwaona kumene bandulo ya agogo inapita. Nthawi zonse pamene ankafufuza nyimbo zawo, timakanema tija tinali kumwa madzi awo, iwo osadziwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuonjezera apo, nkhope yatsopano kawirikawiri imakhala yolemera. Mafoni ambiri m'midzi mwathu ngakale kapena ngotchipa, malo ake ngochepa. App ikanenepa, foni imayenda ngati ngolo ya ng'ombe pamatope, batire limatha msanga, ndipo kumene kulibe magetsi kutchajitsa nako ndi ndalama.

Wina angafunse kuti, kodi kudandaula kumathandiza? Mbiri ionetsa kuti nthawi zina kumathandiza ndithu. Mu 2018 Snapchat itasintha nkhope, anthu oposa miliyoni imodzi anasaina kalata yodandaula pa intaneti, ndipo chaka chomwecho kampaniyo inabweza zina mwa zimene inasintha. Mu February 2020 Netflix, itamva madandaulo kwa nthawi yaitali, inalola anthu kuzimitsa timakanema tongoyamba tokha. Chitsanzo chachikulu ndi cha Sonos, kampani ya ku America yopanga masipika. Mu May 2024 inatulutsa app yatsopano imene inalibe zinthu zina zimene yakale inali nazo, ndipo anthu anakwiya kwambiri. Mkulu wa kampaniyo, Patrick Spence, anapepesa poyera, koma mu January 2025 anatula pansi udindo. Batani ndi kanthu kakang'ono, koma kangathe kugwetsa munthu wamkulu.

Komabe tisadzinamize. Mawu a anthu a ku London ndi New York amamveka msanga chifukwa iwo amalipira ndalama zambiri mwezi ndi mwezi. Mawu a telala wa ku Ulongwe safika kutali. Chotero ndi bwino tidziwe zimene tingachite ndi manja athu, ndipo nazi zimene ine ndinachita.

Poyamba, musafulumire kufufuta app kapena kuthamangira kwa okonza mafoni, amene angakulipiritseni pa chinthu chosafa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zambiri zinthu zanu zirimo, zangosunthidwa. Yang'anani mawu oti Library, kapena kachithunzi ka mutu wa munthu, kapena timizere titatu pakona.

Kachiwiri, lowani mu Settings ya app, muzimitse Autoplay ndi kuyatsa Data Saver ngati zirimo. Izi zokha zinapulumutsa bandulo yotsatira ya agogo.

Kachitatu, mu Play Store mungathe kuletsa ma app kudzisintha okha, kuti update izichitika pamene inu mulipo ndipo mungathe kuphunzitsa mwini foni. Koma dziwani kuti ichi sichitchinga zonse, pakuti kusintha kwina kumachokera ku makompyuta a kampani popanda update iriyonse.

Kachinayi, nyimbo zimene munthu amazikonda koposa zikhale mumtsuko. Ngati app ilola kudawuniloda, chitani zimenezo pamene muli ndi intaneti yotchipa. Koposa apo, gulani nyimbo kwa eni ake m'njira yoyenera n'kuzisunga m'memore, kuti woimba naye adyepo thukuta lake. Mpopi wa mwini ungatsekedwe tsiku lirilonse.

Kachisanu, lembani dandaulo lanu pamalo operekera ndemanga mu Play Store. Musatukwane. Nenani chimene chasowa ndi vuto limene mwakumana nalo. Munthu mmodzi samveka, koma mutu umodzi susenza denga.

Agogo ndinawaphunzitsa njira yatsopano, imene tsopano iri ndi madino anayi m'malo mwa awiri. Tinabwereza madzulo alionse sabata yathunthu, ine ndikuwagwira chala monga iwo ankandigwirira changa pondiphunzitsa kulowetsa ulusi pa singano. Tsiku lobwerera kusukulu, pondiperekeza ku msewu, anandifunsa kuti, "Nanga akadzasunthanso iwe uli kusukulu, ndidzatani?" Ndinawauza kuti aitane mlongo wanga wa Sitandade 7, amene ndinamphunzitsanso. Iwo anapukusa mutu nati, "Ine ndasoka malaya zaka makumi anayi, koma sindinapitepo kunyumba kwa munthu usiku kukamsunthira thumba."

Mawu amenewa ndakhala ndikuwaganizira teremu yonse ino. Pakati pa ife amene tikuphunzira za kompyuta, ena tidzapanga ma app athuathu, mwina a nyimbo za kwathu kuno, m'Chichewa ndi m'Chiyao. Tsiku limenelo likadzafika, tisanasunthe batani lirilonse, tidzayambe tapita nalo kwa munthu wonga agogo anga, timpatse foni m'manja, tikhale chete, tione ngati apeza nyimbo yake.

Wophunzira wa Fomu 3