Moni wa panjira wasanduka chibale kwa okalamba a ku Josina Machel

Dzuwa likafika paliwombo mu mzinda wa Tete m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo ngakhale mnyamata wanyonga amasakasaka mthunzi. Nanga kuli bwanji nkhalamba yoyenda ndi ndodo?

Dera la Josina Machel linatchedwa dzina la mayi womenyera ufulu amene anamwalira pa 7 Epulo, 1971 ku Dar es Salaam ali ndi zaka 25 zokha. Iye sanauone ukalamba, koma anzake a msinkhu wake lero ndi agogo a zaka pafupifupi 80.

Ena mwa okalamba a m'derali sanabadwire mu mzinda muno. Nkhondo ndi imene inawachotsa kumidzi ya ku Angónia, Macanga ndi Tsangano. Ena anathawira ku Malawi, dziko limene linasunga anthu oposa 1 miliyoni ochokera ku Mozambique, ndipo anabwerera mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala, 1992. Amene anali ndi zaka 30 nthawi imeneyo, tsopano wapyola zaka 60.

Kumudzi, munthu akakalamba amazunguliridwa ndi adzukulu ndiponso anzake a pabwalo. M'tauni zinthu nzosiyana. Ana amalawirira ku ntchito, ena anapita ku migodi ya malasha ku Moatize, ndipo gogo amatsala yekha pakhonde tsiku lonse. Choipitsitsa nchakuti nkhalamba yokhala yokha ndi imene ena amathamangira kuitchula mfiti pakagwa maliro.

Boma silinangokhala chete. Bungwe la INAS, lomwe linakhazikitsidwa mu 1997, limapereka kandalama kwa okalamba osauka, ndipo mu 2014 padakhazikitsidwa lamulo loteteza ufulu wa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo. Koma lamulo silipereka moni, ndipo ndalama siifunsa munthu kuti wagona bwanji.

Apa ndi pamene pamaonekera phindu la tinthu tating'onoting'ono. Mayi wogulitsa masau kapena malambe pambali pa msewu akaona gogo akupuma movutikira, amamsendezera kampando ndi kumtungira madzi akumwa. Mwana wa sukulu amanyamuka pa mpando mu chapa kuti agogo akhale. Woyendetsa txopela amaima kuti nkhalamba iwoloke msewu bwinobwino. Wogulitsa kapenta amaonjezera kadzanja ka basera popanda womuuza.

Chinanso ndi chilankhulo. Ambiri mu mzinda wa Tete amalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Tsono munthu wochokera ku Angónia akamva mlendo pa mzere wa kuchipatala akuti, "Mwaswera bwanji agogo?" mtima umakhala pansi. Posakhalitsa afunsana mfunda ndi mudzi, kenaka nkupezeka kuti onse anakhalapo m'misasa ya othawa nkhondo ku Dedza kapena ku Ntcheu. Anthu amene anakumana mwangozi chonchi amayamba kuyenderana, ndipo wina akadwala, mnzakeyo ndi amene amafika ndi phala.

Tisaganize kuti okalamba amangolandira. Gogo wa pakhonde ndi amene amayang'anira nyumba za anansi eni ake akachoka, amalera khanda mayi wake akapita kumsika, ndiponso amayanjanitsa banja likayambana. Akale anati kupatsa nkuika. Kapu ya madzi ya lero imabwerera ngati malangizo a mawa.

Pa 1 Okutobala chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira anthu okalamba, potsatira chigamulo cha bungwe la United Nations cha mu 1990. Koma gogo wa ku Josina Machel sangadikire tsiku limodzi pa chaka. Inu amene mumadutsa pakhomo pake m'mawa uliwonse, imani pang'ono mumlonjere. Mukapanda kumuona pakhonde masiku awiri, gogodani mufunse. Paja ukalamba sauthawa, mawa uli pa inu.